Mutu 9: Kamera ikhale kaye m'chikwama

M'chaka cha 1984 wophunzira wina wa ku Japan, Kenji Yoshida, anafika m'mudzi wa Kaliza m'boma la Chadiza, kumwera kwa Chipata. Chimene chinamuchotsa kwawo chinali Gule Wamkulu. Anakhala m'mudzimo, anaphunzira chilankhulo, anthu anamuzolowera, koma njira ya kudambwe inakhalabe yotseka. Mvula inagwa, chimanga chinacha, anthu anakolola, iye akudikirabe. Analoledwa kulowa gule mu 1985. Zimene analemba pambuyo pake, monga nkhani yake ya mu 1993 m'magazini ya African Arts, pamodzi ndi zithunzi zake, ofufuza za Achewa akuziwerengabe mpaka lero. Yoshida anapitiriza kubwerera ku Zambia kwa zaka zambiri, ndipo mu 2017 anakhala mkulu wa nyumba yaikulu yosungiramo za chikhalidwe cha mitundu ya anthu ku Osaka.

Wophunzira kujambula wa masiku ano alibe chaka chodikira. Kaya ali ku Evelyn Hone College ku Lusaka, kaya pa koleji ina ya konkuno kum'mawa, amatumidwa pa tchuthi kuti akajambule moyo wa anthu a dera limodzi: amayi ogulitsa pa msika wa Kapata, anyamata onyamula anthu pa njinga, kapena alimi a mtedza wa Chalimbana kumidzi ya kwa Mpezeni. Teremu ikatsegulidwa aphunzitsi akufuna zithunzi pa tebulo. M'thumba muli kalata ya ku sukulu yodindidwa bwinobwino, ndipo iye amaganiza kuti zonse zatheka. Kalatayo imagwira ntchito ku maofesi, koma pakhomo pa munthu palibe amaidziwa. Chilolezo chojambula anthu chimapemphedwa kangapo, kwa anthu osiyanasiyana, ndipo amene anavomera dzulo ali ndi ufulu wokana lero.

Chimene anthu amakayikira

Anthu a ku Chipata sanayambe lero kuona mlendo wonyamula buku ndi kamera. Tauniyi inayamba ngati boma la atsamunda lotchedwa Fort Jameson, Angoni a Mpezeni atagonja kwa asilikali a azungu mu 1898 ndipo Nsingo, mwana wa mfumu, ataphedwa. Alendo oyamba kulemba maina m'midzi anali okhometsa msonkho ndi ofuna antchito a kumigodi ndi kuminda ya fodya. M'zaka za m'ma 1940 kunabwera ofufuza za chikhalidwe, John Barnes pakati pa Angoni ndi Max Marwick pakati pa Achewa. Ufulu utabwera mu 1964 kunayamba kufika mabungwe a chitukuko, lililonse ndi galimoto yake ndi munthu wake wojambula. Mpaka pano alendo opita kukaona nyama ku Mfuwe amatulutsa kamera pa zenera galimoto ikuthamanga. Ojambulidwa ndi ambirimbiri, koma amene anaonapo chithunzi chawo chitabwerera ndi owerengeka.

Ndiye mayi wa pamsika akafunsa kuti, "Mukapita nazo kuti zimenezo?" sakuchita mwano. Wamva kuti zithunzi za ana ovala sanza zimakapemphera ndalama kunja, ndalamazo osafika kwa eni nkhope. Waonanso pa foni ya mwana wake momwe chithunzi cha munthu wosalakwa chimayendera pa Facebook ndi pa WhatsApp, anthu atalembapo mawu achipongwe. Palinso vuto lina looneka ngati mwayi. Nthawi zina anthu amakhamukira okha kwa wojambula, ena mpaka kukaitana abale, chifukwa akuganiza kuti akulemba maina a olandira feteleza wotsika mtengo kapena ndalama zothandizira mabanja ovutika. Wophunzirayo amabwerera atasangalala kuti anthu a kumeneko ndi omasuka. Miyezi ikadutsa popanda cholowa, dzina lake m'mudzimo limasanduka wabodza, ndipo wojambula wina wobwera pambuyo pake ndiye amalipira mlanduwo.

Pansi pa zonsezi pali mantha ena amene anthu satchula pamaso pa mlendo. M'nthawi ya atsamunda, ku Northern Rhodesia kunkamveka mphekesera za banyama, anthu amene ankati amagwira anzawo ndi kuwapopa magazi. Mphekesera zotere sizinafe, zimangosintha dzina. Mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe m'Malawi anthu anaphedwa powaganizira kuti ndi anamapopa. Kumayambiriro kwa 2020 Zambia inagwedezeka ndi nkhani ya anthu opopera mpweya wa poizoni m'nyumba usiku, ndipo magulu a anthu okwiya anapha anthu ambiri ongowaganizira. Ena amaopa kuti chithunzi chawo chikaperekedwa kwa a satana. Wophunzira akhoza kuseka zimenezi ali m'kalasi, koma mlendo wosadziwika amene akuzungulira pa mjigo ndi kamera, wopanda womuperekeza, akuika moyo wake pachiswe. Safunsa anadya phula.

Polowera

Kumudzi njira ndi yodziwika kale. Mumayamba ndi nyakwawa, ndipo ntchito ikakhala yokhudza midzi ingapo, nyakwawayo amakutumizani kwa mfumu yaikulu ya deralo, monga Madzimawe, Nzamane, Maguya kapena Kapatamoyo kwa Angoni, Chanje kapena Chikuwe kwa Achewa. Kwa mfumu simulowa nokha, mumadzera kwa nduna, ndipo kawirikawiri mawu anu amapita kwa mfumu kudzera pakamwa pa ndunayo. Simupita chimanjamanja. Nkhuku, shuga kapena kandalama kochepa ndi ulemu wa pakhomo, ndipo nduna ingakuuzeni choyenera mukaifunsa pambali. Chipewa chimavulidwa, mtsikana amamanga chitenje, ndipo mlendo sakhala pamalo okwera kuposa eni ake. Pamaso pa Mpezeni anthu amati "Bayete", pamaso pa Kalonga Gawa Undi amati "Yoo Gawa". Angoni a kuno amalankhula chilankhulo choyandikana ndi Chinsenga, kotero "Muli tyani?" wanu, ngakhale wopotoka, amasekedwa mwachikondi.

Kwa nyakwawa nkhani imayenda chonchi, pambuyo pa malonje:

"Wawa mfumu. Ine ndine mwana wanu, ndikuphunzira kujambula zithunzi ku Lusaka. Aphunzitsi atituma kuti tikaone ntchito za anthu, ndiye ndimafuna ndikhale ndi alimi a mtedza muno masiku angapo."

"Tamva. Nanga mwatumidwa ndi bungwe liti, mwanawe?"

"Palibe bungwe, mfumu. Ndi sukulu chabe. Sindikulemba maina a chithandizo chilichonse, ndipo palibe chimene chidzabwere pambuyo panga kupatula zithunzi zomwezo."

"Zithunzizo zikathera kuti?"

"Akaziona aphunzitsi ndi anzanga m'kalasi. Zina zikhoza kupachikidwa pa chionetsero cha sukulu. Pa intaneti sindiika popanda kufunsa mwini wake. Aliyense amene ndamujambula ndidzamubweretsera chake."

Yankho lonena za chithandizo lija ndi lowawa kulitchula, chifukwa nkhope za anthu zimagwa mukangonena kuti palibe chithandizo. Litchuleni ndithu, tsiku loyamba, pamaso pa mboni.

M'tauni zinthu n'zosokonekera pang'ono. Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, ndipo m'makomboni monga Mchini, Nabvutika ndi Magazine eni mphamvu ndi ambiri: khansala, komiti ya chitukuko ya m'wadi, atcheyamani a msika, atcheyamani a pamalo oimikapo njinga. Mipingo nayo ili ndi mawu. Reformed Church in Zambia inazika mizu m'chigawo chino kuchokera pa mishoni ya Magwero ya mu 1899, Akatolika ali ndi miphakati yawo, ndipo ku mizikiti ya m'tauni mumayamba mwaonana ndi akuluakulu a pamenepo. Sukulu simulowa musanadzere ku ofesi ya maphunziro ya boma ndi kwa ahedi. Chipatala chili ndi malamulo akeake okhwima. Kambi ya asilikali, polisi ndi chipata cha m'malire ku Mwami, kumeneko kamera isatuluke n'komwe. Ntchito ikakhala yaikulu, chilengezo pa Breeze FM kapena pa Radio Maria chimathandiza, chifukwa anthu amakhulupirira zimene amva pa wailesi yawo kuposa pepala lochokera ku Lusaka.

Chinthu chimene ophunzira ambiri sachiganizira ndi munthu wowaperekeza. Amangotenga woyamba kudzipereka, makamaka akakhala wodziwa Chingerezi. Koma woperekeza amabwera ndi mbiri yake yonse. Akakhala wotchuka pa chipani, theka la komboni lidzakuonani ngati wa chipani chimenecho. Akakhala wa banja limene likulimbirana unyakwawa, mabanja ena adzakutsekerani zitseko inu osadziwa chifukwa chake. Akakhala ndi ngongole pa chilimba cha amayi a pamsika, amayiwo sadzamwetulira. Funsani anthu atatu osiyana kuti, "Kodi ndingayende ndi ndani muno?" Dzina limene labwera kawiri ndilo mulitsate. Nthawi zambiri amakhala mphunzitsi wopuma, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi kapena mayi wa mvano, anthu osathamangira kutsogolo.

Mfumu yavomera, mwini nkhope sanavomere

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Nyakwawa akalengeza pa msonkhano kuti mlendoyu mumuthandize, anthu amaomba m'manja, ndipo palibe angaimirire n'kunena kuti ine ayi. Chilolezo cha mfumu ndi choyendera m'mudzi basi. Mayi amene akutunga madzi pa mjigo sanafunsidwe, ndipo ayenera kufunsidwa payekha, m'chilankhulo chake, nduna isali pafupi. Kukana kwa anthu athu sikubwera ndi mawu akuti ayi. Mudzamva kuti, "Mubwere mawa," kapena, "Lero sindinasambe," kapena mayi adzangoseka n'kuphimba kumaso ndi chitenje. Mukamva "mawa" kachiwiri, dziwani kuti mwayankhidwa. Thokozani, pitirirani, ndipo mawa lakelo mukawapatse moni ngati kale. Anthu ena onse akuyang'ana momwe mukuchitira ndi wokana, ndipo ambiri amavomera ataona kuti kukana sikunabweretse mlandu.

Mayi wapabanja akhoza kukuuzani kuti, "Mukafunse abambo kunyumba." Wophunzira wa mumzinda zimenezi zimamunyansa, koma akazinyalanyaza amasiya mkangano m'nyumba ya eni iye atakwera basi. Kafunseni abambowo. Akavomera, bwererani kwa mayi uja mukafunsenso, chifukwa nkhope ndi yake.

Ana ndiwo osavuta kujambula, ndipo ndiwo oopsa. Amathamangira kamera okha, akukuwa kuti "Nijambuleni!", ndipo zithunzi zawo zimakongola. Koma mwana sapereka chilolezo. Lamulo la Data Protection Act la mu 2021 limateteza zinthu zimene munthu angadziwike nazo, ndipo likafika pa mwana limafuna chilolezo cha kholo kapena womulera. Children's Code Act la mu 2022 limaika ubwino wa mwana patsogolo pa china chilichonse. Mwambo nawo uli ndi mbali yake. Kwa Achewa mwini mbumba ndi malume, pamene kwa Angoni ana ndi a kuchimuna, kotero ndi bwino kufunsa mayi wa mwanayo kuti, "Kodi pali wina woti timudziwitse?" Mwana wamasiye, wodwala, kapena amene ali pa mlandu, musamuonetse nkhope ngakhale womulera atavomera. Iye adzakula, chithunzi chili pompo.

Masukulu ambiri amapatsa ophunzira fomu yoti ojambulidwa asaine. Cholinga chake n'chabwino, koma fomu ya Chingerezi yodzaza mawu a maloya imaopsa kuposa kamera. Munthu amene anaonapo mnansi wake akulandidwa katundu chifukwa cha pepala la ngongole sangadinde chala mosavuta. Imasulireni m'Chinyanja chomveka, muiwerenge mokweza, ndipo mumusiyire yake. Aphunzitsi akalola, kujambula mawu pa foni munthu akuvomera ndi pakamwa pake kumakhala kwachilungamo kuposa chidindo cha chala pa pepala limene sanalimve. Chofunika n'chakuti adziwe zinthu zitatu: amene adzaone chithunzicho, malo amene chidzaikidwe, ndi nambala yoimbira akasintha maganizo.

Masiku opanda chithunzi

Mu March 1936, Dorothea Lange anaima pa msasa wa anthu othyola nsawawa ku Nipomo, m'chigawo cha California ku America. Anajambula mayi wina ndi ana ake kwa mphindi zochepa, osafunsa dzina lake, n'kupitiriza ulendo. Chithunzicho, chotchedwa Migrant Mother, chinakhala chimodzi mwa zithunzi zodziwika kwambiri pa dziko lonse. Dzina la mayiyo, Florence Owens Thompson, linadziwika mu 1978, ndipo iye anadandaula kuti sanapezepo kalikonse pa nkhope yake imene inali ponseponse. Patapita zaka 30 kuchokera tsiku la Lange lija, Bruce Davidson anayamba kujambula anthu a mumsewu umodzi wosauka wa ku Harlem mu New York. Analowa kudzera m'komiti ya anthu okhala komweko, anagwiritsa ntchito kamera yaikulu yoimika pa miyendo itatu imene sakanatha kuibisa, ankabweretsera anthu zithunzi zawo, ndipo anakhala zaka ziwiri pa msewu umodziwo. Buku lake, East 100th Street, linatuluka mu 1970. Onse awiri anali akatswiri. Koma wophunzira amene adzabwererenso ku Kapata kukagula tomato atengere Davidson.

Ena amalangiza kuti masiku oyamba kamera muibise, anthu ayambe akuzolowerani. Ine sindigwirizana nazo. Anthu akadzazindikira kuti mnzawo amene ankacheza naye anali ndi cholinga china, amamva kuti anapusitsidwa. Nenani tsiku loyamba kuti ndinu wojambula, itulutseni kamerayo aione, ofuna kuigwira aigwire, kenako muibwezere m'chikwama. Masiku otsatirawo khalani nawo. Thandizani kusenda mtedza, gwirani njinga pamene mwini wake akupopa, khalani pa benchi ya pa kantemba mukumvetsera. Akakupatsani nsima, sambani m'manja mudye, ngakhale ndiwo zikhale chiwawa chopanda mafuta. Mlendo wokana chakudya amakumbukiridwa nthawi yaitali.

Posachedwa wina adzakufunsani mfunda wanu. Mukati Phiri, mudzapeza azakhali ndi amalume pomwepo. Mukati Banda, Mbewe, Jere kapena Tembo, sipalephera kupezeka wachibale. Ngakhale wochokera kumpoto ali ndi polowera, chifukwa Abemba ndi anthu a kum'mawa ali pa chimbuya. Adzamunena kuti kwawo amadya anyani, iye ayankhe za mbewa, ndipo kuseka kumeneko kumafupikitsa ulendo kuposa kalata iliyonse. Dzina akakupatsani, livomereni. Kuyambira pamenepo simulinso "uja wa kamera".

M'mudzi mukagwa maliro, ntchito yanu yaima. Pitani kusiwa opanda chikwama, perekani chipepeso chanu, mnyamata akhale ndi amuna panja, mtsikana alowe kwa amayi. Tsiku limenelo mulibe chithunzi ngakhale chimodzi, koma ndilo tsiku limene mudzi umagamula za inu.

Nyengo nayo iganiziridwe. Kuyambira December mpaka February anthu amalawirira kumunda, amabwera atatopa, ndipo m'mabanja ambiri nkhokwe zimakhala zitapepuka. Palibe amafuna kujambulidwa pa nthawi ya njala. Kuyambira May mpaka August, zokolola zili pakhomo, anthu amakhala ndi mpata ndiponso nkhope zowala.

Tsiku lojambula likafika, mudzamva mawu amene amakhumudwitsa ophunzira ambiri: "Dikirani ndikasambe." Agogo amene munkafuna kuwajambula akupeta, atavala chitenje chakale, akutuluka m'nyumba ndi diresi ya kutchalitchi, aima chilili, manja m'mbali, nkhope yosaseka. Kusukulu anakuuzani kuti chithunzi chabwino ndi chosakonzekera. Jambulani chomwecho, ndipo muchijambule mwaluso, chifukwa ndi mmene agogowo akufuna kuti zidzukulu zidzawaone. Chithunzi cha lichero chija chidzabwera pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, iwo atatopa nanu n'kubwerera ku ntchito zawo. Mukachijambula, aonetseni pa kamera pomwepo. Akati "Fufutani," fufutani iwo akuona, ngakhale chikhale chokongola kuposa zonse.

Zimene sizijambulidwa

Chaka chilichonse, Loweruka lomaliza la February, Angoni amasonkhana ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala, umene unayambiranso mu 1980 utaletsedwa kwa zaka zambiri. Loweruka lomaliza la August Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakumana ku Mkaika m'boma la Katete pa Kulamba, umene unayambiranso mu 1984. Pa miyambo iwiriyi makamera amakhala mbwee, ndipo okonza mwambo amakhala ndi malamulo awo a atolankhani, oyenera kuwafunsiratu. Koma kuchuluka kwa makamera kumapusitsa. Pa Nc'wala amayi ena amavina mwamwambo chifuwa chili poyera. Pabwalo pamenepo ndi ulemu kwa makolo, koma chithunzi chomwecho chikafika pa foni ya munthu wosadziwa mwambo chimasanduka choseweretsa. Wojambula aganize kumene chithunzi chikupita asanadinde.

Gule Wamkulu analengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo ena amamva ngati mawu amenewa akutanthauza kuti aliyense ali ndi ufulu pa gule. Eni ake alipo. Zilombo zikatuluka pabwalo pa maliro kapena pa chinamwali, mumapempha kwa eni mzinda, mumaima pamene akuuzani, ndipo mumasupa monga achitira ena onse. Chilombo chimene mwakumana nacho panjira simuchiloza ndi kamera. Kudambwe wosameta safikako, ndipo mafunso ena safunsidwa n'komwe. Kutsimba kwa anamwali ndi kwa anamkungwi. Zambia ilinso ndi lamulo la mu 2016 loteteza nzeru za makolo ndi zaluso za chikhalidwe, limene limafuna kuti eni mwambo avomereze munthu asanapange malonda ndi mwambo wawo. Ngakhale wophunzira amene ndi Mchewa wometa asaganize kuti kumeta kwamupatsa ufulu wotulutsa za kumeneko. Kwamuonjezera udindo wosunga chinsinsi.

Za ndalama ndi kubweza

"Mutipatsa zingati?" Funso ili lidzabwera, makamaka m'tauni, ndipo lili ndi nzeru zake: wa njinga amene waima theka la ola kuti mumujambule wataya makasitomala. Kulipira chithunzi chilichonse kumaononga ntchito, chifukwa anthu amayamba kuchita sewero loti alipidwe, ndipo amene sanajambulidwe amachita nsanje. Koma nthawi ya munthu si yaulere. Kwerani njinga yake mulipire mtengo wake wonse osanenerera. Gulani ndiwo zanu kwa mayi amene mukumujambula. Woperekeza mugwirizane naye za tsiku lake poyambirira. Chimene simungathe musalonjeze, ngakhale kungonena kuti "tidzaona", chifukwa mawu amenewo kumudzi amasungidwa ngati lonjezo.

Njira ina yochepetsera mtunda pakati pa wojambula ndi ojambulidwa ndi kuwapatsa kamera eni ake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Caroline Wang ndi Mary Ann Burris anapereka makamera kwa amayi 62 a m'midzi ya ku Yunnan ku China kuti ajambule moyo wawo, kenako azikambirana zithunzizo ndi kuzionetsa kwa akuluakulu a boma. Njirayi inatchedwa Photovoice ndipo yafalikira m'maiko ambiri. Lero n'njosavuta, popeza mafoni okhala ndi kamera ali m'makomboni monse. Anyamata a njinga akajambula okha tsiku lawo, adzakuonetsani zimene inu simukanaziona: malo amene amabisala dzuwa likakula, chitunda chimene amachiopa akanyamula matumba a makala, amene amawakonzera matayala pa ngongole. Ntchito ya wophunzira pamenepo ndi kuphunzitsa kagwiridwe ka kamera, kukumbutsa kuti nawonso azipempha asanajambule anzawo, ndi kulemba dzina la wojambula weniweni pansi pa chithunzi chilichonse.

Chomaliza ndi kubweza. Ku Lusaka, Sana Ginwalla anayambitsa ntchito yotchedwa Zambia Belonging atapeza mulu wa zithunzi zakale zimene zinatsalira ku Fine Art Studios, ndipo wakhala akuzionetsa poyera kuti anthu azindikire abale awo. Zimenezi zikuonetsa kutalika kwa moyo wa chithunzi cha papepala, ndi njala imene mabanja ali nayo yoona nkhope za makolo awo. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp chimatha foni ikagwera m'madzi. Chotsukidwa chimapachikidwa pakhoma, chimasungidwa m'Baibulo, ndipo tsiku lina chidzanyamulidwa kutsogolo kwa bokosi. M'mabanja ena chithunzi chimene wophunzira anajambula ndicho chokhacho chimene agogo anasiya.

Chionetsero choyamba chichitikire komweko, zithunzi zisanapite ku Lusaka: m'kalasi ya pasukulu, m'holo ya tchalitchi, kapena pa chingwe chomangidwa pakati pa mitengo iwiri ya mango. Itanani nyakwawa kapena atcheyamani atsegulire. Werengani mokweza mawu amene mwalemba pansi pa chithunzi chilichonse, chifukwa nthawi zambiri cholakwa chimakhala m'mawuwo. Mwalemba kuti "mayi wosauka" pamene mwini wake amadziona ngati mlimi amene anaphunzitsa ana anayi ndi mtedza. Adzakukonzani maina, adzakuuzani kuti chida chija dzina lake ndi lakuti, ndipo wina adzapempha kuti chake chichotsedwe. Chichotseni.

Choncho musanakwere basi ya ku Chipata, patulani ndalama ziwiri zimene simudzazikhudza: yotsukitsira zithunzi, ndi ya ulendo wachiwiri wokazipereka. Ngati sizikukwana, chepetsani ntchito. Jambulani mabanja 5 m'malo mwa 20, ndipo onse asanuwo alandire zithunzi zawo m'manja.